Kahatchi kathu kananenepa mopitirira, nde tikukachepetsa thupi

Kuno kwathu chiweto chonenepa ndi ulemu wa mwini khola. Ng'ombe ikakhala yosalala, nthiti zosaoneka, anthu amati pakhomo apa pali chisamaliro, ndipo kwa ng'ombe kapena mbuzi yoti mawa ikupita kumsika nzoona ndithu. Koma pali nyama zina zoti mafuta omwewo ndi amene amazipundula pang'onopang'ono, nde lero ndikufuna ndilembeko za imodzi mwa izo, kahatchi kakang'ono kamene timasunga pafamu pathu kuno ku Salima, chakumsewu wopita ku Senga Bay. Ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti bwanji masiku ano timakatsekera mukhola masana pomwe msipu uli mbwee panja, ena mpakana kunena kuti tikukazunza, nde ndati ndifotokoze bwinobwino.

Choyamba, aka si kamwana ka hatchi ayi, nkachikulire ndithu kungoti mtundu wake ndi waufupi choncho. Ndi ka mtundu wa Shetland, dzina lochokera ku zilumba za Shetland kumpoto kwenikweni kwa Scotland. Bungwe losunga kaundula wa mtunduwu linayamba mu 1890 ndipo lamulo lawo ndi loti kasapitirire masentimita 107 kuyeza kuchokera pansi kufika pamwamba pa mapewa. Kathuka kanabwera ndi banja lina lomwe linali kuno pa ntchito, pobwerera kwawo anatisiyira poti ana awo anali atakula. Ku Shetland kumeneko nkozizira, mphepo yosaleka, mitengo yowerengeka, msipu wake wochepa komanso wosauka moti nthawi yachisanu timahatchi timeneti timatsikira mpaka kugombe kukadya zomera za m'nyanja zomwe mafunde ataya. Kwa zaka mazanamazana tomwe tinkapulumuka ndi tomwe thupi lake linkatha kusunga kalikonse kolowa m'mimba. Mphamvu nazo ndi zodabwitsa, paja dziko la Britain litakhazikitsa lamulo mu 1842 loletsa amayi ndi ana aang'ono kugwira ntchito pansi pa migodi ya malasha, timahatchi ngati timeneti ndi tomwe tinalowa m'njira zopapatiza zija kukakoka ngolo za malasha.

Nde tengani thupi limenelo, lozolowera kukhala ndi moyo pa chakudya chochepa, mulibweretse ku Salima mwezi wa Januwale. Kapinga wobiriwira paliponse, mango akungogwa okha, nzimbe, mkute, madeya pachigayo ndi otchipa, ndipo kuzizira koti nkuotcha mafuta kulibe. Kwawoko kamanenepa nthawi yotentha nkudzaonda nthawi yachisanu, chaka ndi chaka mafuta amapita okha. Kunonso zikanatha kukhala choncho chifukwa kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa msipu umauma nkutha mphamvu, koma nthawi imeneyo ndi yomwe ifenso anthu chifundo chimatigwira nkuyamba kuthira madeya mu beseni kuti chiweto chisaonde. Mapeto ake kamalowa dzinja kali ndi mafuta a chaka chatha, nkuonjezera ena pamwamba.

Kudziwa ngati kanenepa si nkhani ya maso ayi, makamaka pa mtundu waubweya wambiri ngati uwu, umafunika kugwira ndi manja. Pali muyezo wa kunenepa kwa hatchi woyambira 0 mpaka 5 womwe akatswiri awiri, Carroll ndi Huntington, anatulutsa mu 1988, palinso wina wa Henneke wa mu 1983 woyambira 1 mpaka 9, ine ndimagwiritsa wa 0 mpaka 5 uja poti ndi wosavuta kukumbukira, ndipo pofunika kukhala ndi pakati pa 2.5 ndi 3. Umayendetsa chikhatho pa nthiti, zikuyenera kumveka osachita kukanikiza. Umaona pamsana, ngati pali kangalande pakati koti madzi amvula nkumatsalira ndiye kuti mbali zonse ziwiri kwadzaza mafuta. Umagwira pamwamba pa mchira ndi kuseri kwa mapewa. Koma malo oopsa kuposa onse ndi pamwamba pa khosi pomwe pamamera ubweya wautali paja. Kathu khosi lake linali lolimba ngati thumba la mchenga, ukaligwedeza silimalendewera, ndipo a vetenale atagwira pamenepo sanachedwenso kunena kuti chakudya chisinthe lero lomwe. Mimba yokha si umboni, kahatchi katha kukhala ndi chimimba chachikulu chifukwa cha udzu kapena njoka za m'mimba koma kali koonda.

Sikelo yoyezera hatchi ife tilibe nde timagwiritsa tepi ya telala. Umayeza kuzungulira chifuwa kuseri kwa miyendo yakutsogolo, kenako kutalika kuchokera pansonga ya phewa mpaka pansonga ya thako, zonse mu masentimita. Nambala ya chifuwa umaichulukitsa ndi iyo yomwe, kenako ndi ya kutalika, nkugawa ndi 11877, zotuluka ndi makilo. Kathu poyamba chifuwa chinali 140, kutalika 115, nde pa foni zinatuluka pafupifupi makilo 190. Njira imeneyi imangoyandikira chabe makamaka pa timahatchi tating'ono chonchi, phindu lake lenileni nloti ukamayeza munthu mmodzi yemweyo, malo omwewo, mmawa kasanadye, umaona ngati nambala ikutsika kapena kukwera. Timalemba mu kope ndipo timajambulanso chithunzi cha m'mbali, chifukwa munthu wokaona tsiku ndi tsiku sazindikira kusintha.

Tsono chifukwa chenicheni chomwe tikuvutikira chonchi ndi matenda a ziboda otchedwa laminitis, ndipo apa ndikufuna mumvetse ndithu. Mkati mwa chiboda cha hatchi muli fupa, ndipo fupa limenelo limagwiridwa kukhoma la chiboda ndi timinofu topyapyala tambirimbiri tolukanalukana. Kulemera konse kwa nyama kumalendewera pa timinofu timeneti. Hatchi ikanenepa kwambiri, makamaka mitundu iyi ya m'zilumba ndi m'mapiri monga Shetland, Welsh, Dartmoor ndi Exmoor, thupi limasiya kumvera bwino insulin, chomwe thupi limapanga kuti chiziwongolera shuga m'magazi, nde ikadya chakudya cha shuga kapena sitachi wambiri insulin amakwera kwambiri m'magazi nkukhalitsa pamwamba, ndipo zimenezo ndi zomwe zimafooketsa timinofu ta m'chiboda tija. Madokotala a ziweto vuto lonseli amalitcha Equine Metabolic Syndrome. Timinofu tikafooka fupa limayamba kupendekeka, zikafika poipa limatsika mpaka kuboola pansi pa chiboda, ndipo pamenepo nthawi zambiri chotsala nkungoipha nyamayo kuti isazunzike. Ululu wake ndi woopsa. Hatchi yodwala imaima motsamira kumbuyo, miyendo yakutsogolo itaitambasulira kutsogolo kuti zala zipume, imakana kuyenda pamalo olimba, potembenuka imachita kudzikoka, ziboda zimatentha ndipo ukagwira mtsempha kuseri kwa kakolo umamva ukugunda mwamphamvu. Nthawi zina matendawa amabwera mwakachetechete, umangoona mizere yozungulira pa chiboda yomwe imatalikirana chakuchidendene.

Kathu sikanafike pogona pansi koma kanali katayamba kusankha poponda, pamsewu wamiyala kamafuna m'mbali mwa mchenga basi. Ndipo chomwe chimandipweteka nchoti nyama zimenezi zimatha kukhala zaka zopitirira 30, nde taganizani kukhala zaka zonsezo mapazi akuwawa chifukwa choti anthu timakakonda molakwika. Mukaona zizindikiro zimenezi pa hatchi kapena bulu wanu, chotsani pa msipu nthawi yomweyo, muimike pamalo ofewa, musamukakamize kuyenda, thirani madzi ozizira m'miyendo nkuitana a vetenale. Apa mchenga wathu wa kunyanja umathandiza kwambiri, khola lothira mchenga wakuya limapumitsa ziboda.

Zoyamba kuchotsa zinali madeya, ndipo nkhondo inali pamenepa. Amalume amene amatithandiza kusamala ziweto akhala ndi ng'ombe moyo wao wonse, ziweto amazidziwa kuposa ine kutali, nde atamva anandiyang'ana nkunena kuti, "Iwe mphwanga, chiweto chogona ndi udzu wouma okha anthu aziti pakhomo pano pali njala." Ndinawayankha kuti, "Amalume, tagwirani khosili kaye, kenako mugwire la bulu wa ngolo uja muone kusiyana." Anagwira, anakhala chete, kenako anati tiyese tione. Pano iwowo ndi amene amakalipira ana akabwera ndi nzimbe pa waya. Madeya ali ndi mavuto awiri, ali ndi mphamvu zambiri zoti kahatchi kosagwira ntchito sikangazimalize, komanso ali ndi mchere wa phosphorus wambiri koma wa calcium, wolimbitsa mafupa uja, wochepa, nde hatchi ikamadya madeya kwa nthawi yaitali thupi limayamba kuchotsa calcium m'mafupa mpaka mafupa a kumaso kutupa. Madeya a mpunga omwe amapezeka kwambiri cha ku Nkhotakota ndi chimodzimodzi, ndipo amenewo ali ndi mafutanso ambiri.

Mango ndi nkhani ina. Kuyambira Novembala mpaka Januwale pansi pa mitengo pamakhala chikasu chokhachokha, kahatchi kakapeza mpata kamadya mpakana kukhuta, shuga yekhayekha, kuonjezera apo nthangala yake itha kutsamwitsa. Tinachita kutchinga mitengo yonse ya mango ndi waya. Nde chonde inu odutsa, komanso makolo uzani ana, musamaponye chilichonse mkati, kaya mandasi, buledi, nzimbe, chimanga chootcha kapena makoko a chinangwa. Ndikudziwa mumachita mwachikondi koma aliyense akaponya kamodzi basi tsiku limatha kadya zinthu zambiri zomwe ife sitikuzidziwa. Makoko a chinangwa chowawa chija cha kondowole ali ndi poizoni, musayerekeze. Hatchi siitha kusanza ngati galu kapena munthu, chomwe chalowa chalowa basi, chikavuta m'mimba ndi matenda a kupotokola omwe amapha.

Pano chakudya chake chachikulu ndi udzu wouma womweta utakhwima, wa kudambo, ndipo timachita kuyeza pa kasikelo kopachika kaja kogulira mtedza. Malangizo omwe akatswiri amapereka pochepetsa thupi ndi oti chakudya chouma chikhale pafupifupi 1.5 pa 100 aliyense wa kulemera kwa nyama patsiku, nde pa makilo 190 zikubwera pafupifupi makilo 3 a udzu wouma usana ndi usiku. Kuona mulu wake umachita kumva chisoni kuti kachepa, koma ndi wokwana. Chovuta nchakuti mimba ya hatchi ndi yaing'ono ndipo inalengedwa kuti izidya pang'onopang'ono pafupifupi maola 16 patsiku, asidi m'mimbamo amatuluka nthawi zonse olo mulibe chakudya, nde ikakhala maola ambiri osatafuna imachita zilonda za m'mimba. Choncho makilo atatuwo sitipereka kamodzi, timagawa kangapo, komaliza usiku tisanagone, ndipo timaika mu neti yamabowo ang'onoang'ono kuti kazichita kusolola kaudzu kamodzikamodzi. Neti yake anatilukira msodzi wina wa ku Senga Bay ndi chingwe cholimba, yabwino kwabasi, ingofunika kuipachika poti mwendo sungakodwe.

Ena amaviika udzu m'madzi kuti shuga wina asungunuke, ifenso timatero nthawi zina, koma ndi kutentha kwa kuno sungausiye usiku wonse ngati mmene amachitira kozizira, umayamba kusasa nkununkha. Ola limodzi pamthunzi basi, kenako kukhetsa, madzi akewo kutaya kutali kuti kasamwe. Kuviika kumachotsanso michere ina yofunika, nde mchere wonyambita umakhalamo nthawi zonse komanso timapereka ka ufa ka mavitamini ndi maminero kopangira mahatchi komwe timaitanitsa ku Lilongwe, kusakaniza ndi kaudzu kodula konyowa. Apa ndichenjezeko, musatenge chakudya cha nkhuku kapena cha ng'ombe kupatsa hatchi, china chimakhala ndi mankhwala otchedwa monensin omwe kwa hatchi olo pang'ono amaononga mtima. Chimanga chofumbwa kapena chankhungu chija timati tipatse ziweto nachonso kwa hatchi chimaononga ubongo. Lukina yemwe mbuzi zimamukonda uja hatchi ikadya wambiri imathothoka ubweya wa kumchira ndi pakhosi. Masamba a mtedza ouma ndi chakudya chabwino zedi kwa ng'ombe ya mkaka koma kwa kathuka ndi onona kwambiri, timangopereka kadzanja kamodzi mwa apo ndi apo.

Mchenga uja ndati ndi wabwino poimapo, koma podyerapo ayi. Hatchi ikamatola chakudya pa mchenga imameza wina, umaunjikana m'matumbo mpaka kutseka. Ife okhala m'mbali mwa nyanja tikuyenera kusamala kwambiri pamenepa, pansi pa neti tinayala chimphira chakale kuti udzu wogwa usasakanikirane ndi mchenga.

Chinthu china chomwe ndimafuna aliyense wosunga kahatchi kapena bulu adziwe nchoti kumana chakudya mwadzidzidzi nkoopsa kuposanso kunenepako. Munthu atha kumva zonse ndanenazi nkuganiza kuti basi ndikatsekere masiku angapo ndi madzi okha mafuta asungunuke. Musatero. Timahatchi tonenepa komanso abulu akasiya kudya thupi limatulutsa mafuta ambiri nthawi imodzi kulowa m'magazi, chiwindi chimalephera, matenda ake amatchedwa hyperlipaemia ndipo nyama zambiri zikadwala sizipulumuka, makamaka zazikazi zabere kapena zoyamwitsa. Kutsika koyenera ndi theka mpaka 1 pa 100 wa kulemera kwake pa sabata, kwa kathu ndi kilo imodzi kapena ziwiri basi, ndipo ndi ntchito ya miyezi osati masabata. Kakangokana chakudya tsiku limodzi ife timaimba foni osadikira mawa.

Msipu sitinakaletse kotheratu chifukwa nyama imafunikanso kuyenda, kununkhiza, kukhala ndi anzake. Kamatuluka mmawa, poti shuga mu udzu amakhala wochepa kukamacha nkumakwera dzuwa likamaomba, koma nthawi yadzinja timadikira dzuwa lituluke kaye chifukwa cha tizilombo touluka ting'onoting'ono tija toluma madzulo ndi mbandakucha, timene timafalitsa African horse sickness, matenda opha mahatchi mwachangu kuno ku Africa, nde katemera wake naye ndi wosaphonya. Potuluka kamavala grazing muzzle, kadengu kovala kukamwa kokhala ndi kabowo pansi, kamatha kumwa madzi komanso kudya koma pang'onopang'ono. Kafukufuku wa ku Britain anapeza kuti pa timahatchi totere kamachepetsa udzu wodyedwa ndi pafupifupi 80 pa 100. Kungochepetsa maola okha opanda kadenguko sikuthandiza kwenikweni, nyama izi nzochenjera, zikadziwa kuti nthawi ndi yochepa zimadya mosadzutsa mutu. Kadenguko sikovala tsiku lonse ndipo timayang'ana ngati sikakusupula khungu. Masiku oyamba mvula ikangogwa, udzu wanthete uja ukamaphuka, ndi nthawi yomwe timasamala kuposa ina iliyonse.

Kuyenda ndi mbali ina yomwe anthu amaiwala. Chakudya chokha chimachepetsa thupi koma kuyenda kumathandiza kuti thupi liyambirenso kumvera insulin. A vetenale atatsimikiza kuti ziboda zili bwino tinayamba kukayendetsa ndi chingwe, poyamba pang'ono, pano kamathamangako ndithu, ana a achemwali anga amasinthana akaweruka kusukulu dzuwa litapepa. Mu Okutobala kutentha kwa Salima mukukudziwa, nde kuyenda kumakhala mmamawa basi, madzi osachoka mu ndowa, paja hatchi imamwa malita pafupifupi 5 pa makilo 100 alionse patsiku ndipo kukatentha zimatha kuwirikiza. Mkati mwa mpanda tinaika madzi mbali ina, neti mbali ina, mthunzi pakati, kuti olo tili otanganidwa kazidziyendera kokha. Ziboda timasema pakatha masabata 6 mpaka 8, chiboda chotalika chimakoka timinofu tija nkuonjezera vuto.

Pano chifuwa chatsika ndi masentimita angapo, nthiti zayamba kumveka, khosi layamba kufewa ngakhale khosi ndi lomwe limachedwa kwambiri kutsika. Koma osati kuonda kulikonse nkosangalalira ayi. Kuno ndi ku Nkhotakota, makamaka kufupi ndi nkhalango, kuli kashembe wofalitsa kaodzera wa ziweto, ndipo chizindikiro chake china ndi kuonda, kufooka ndi kuchepa magazi. Njoka za m'mimba komanso mano osongoka nazo zimaondetsa. Nde ngati nyama ikuonda mofulumira kuposa mmene mwawerengera, ubweya wayamba kuyima, nkhama zayera, maso alibe moyo, zimenezo si zotsatira za dongosolo lanu, kayezetseni magazi.

Ntchito yotsatira ndi udzu wa chaka chonse. Timamweta cha mu Meyi udzu utakhwima nkutulutsa njere, chifukwa pamenepo umakhala ndi ulusi wambiri mphamvu zochepa, kusiyana ndi alimi a mkaka omwe amafuna wanthete. Timaumitsa bwinobwino nkusanja pa thandala m'shedi kuti chiswe ndi chinyezi zisaufike, wankhungu uliwonse timataya chifukwa umayambitsa chifuwa. Pa makilo 3 patsiku tikufunika kupitirira tani imodzi pa chaka, nde tikuyenera kuchita changu kumweta moto wa osaka mbewa usanalowe m'dambo.